NTHAKA YA KU MONGOLIA IMEZA MPWEYA WOTENTHETSA DZIKO

Pakati pa maiko a Russia ndi China pali dziko lochedwa Mongolia. Kumeneko kuli zidikha zazikulu za udzu wokhawokha, mmene munthu angayende tsiku lathunthu osapeza mthunzi wa mtengo. Anthu ambiri a kumidzi ndi abusa a nkhosa, mbuzi, ng'ombe, akavalo ndi ngamila, ndipo amasamuka ndi mahema ao potsata msipu.

Akatswiri a sayansi anapeza kuti nthaka ya m'zidikhazi imagwira nchito yosaoneka ndi maso. M'nthakamo muli tizilombo ting'onoting'ono timene timadya mpweya wochedwa methane. Mpweyawu umacokera m'mimba mwa zoweta monga ng'ombe, m'madambo, ndiponso m'minda ya mpunga yodzala madzi. Ukakwera kumwamba umatsekereza kutentha kwa dzuwa, ndipo pa zaka 100 mphamvu yake imaposa ya mpweya wa carbon dioxide pafupifupi ka 28.

Koma tizilomboti timafuna nthaka yofewa, yolowa mphepo. Zoweta zikacuruka pa malo amodzi, udzu umatha ndipo ziboda zimapondereza nthaka mpaka kulimba gwa! Kufufuza kumene kunacitika m'cigwa ca mtsinje wa Xilin, m'cigawo ca Inner Mongolia ku China, kunaonetsa kuti pamene nkhosa zadya mopitirira muyeso, nthaka imameza methane wocepa. Cotero zoweta zimaonjezera mpweyawu, uku zikufooketsa nthaka youcotsa.

M'caka ca 1990 dziko la Mongolia linali ndi zoweta pafupifupi mamiliyoni 26. Pofika 2019 zinapitirira mamiliyoni 70. Mbuzi zinacuruka kwambiri cifukwa ubweya wake, wochedwa cashmere, uli ndi malonda kunja.

Msipu ukacepa m'cilimwe, zoweta zimalowa m'nyengo yacisanu zili zoonda. Cisanu coopsa cimene eni dziko amaciti dzud cinapha zoweta zoposa mamiliyoni 7 pakati pa 2023 ndi 2024. Kwa zaka zambiri mabanja otaya cuma cao motere akhala akusamukira ku likulu, Ulaanbaatar, kukafuna nchito.

Mlimi wa ng'ombe kuno kwathu adziwa bwino maonekedwe a busa lodyedwa mpaka fumbi. Mankhwala ake ndi amodzi konsekonse: kuweta molingana ndi msipu, ndi kusinthanitsa malo odyetsera kuti nthaka ipume.