Ngaka Ikalanditsidwa pa Muloza

Kumanga munthu wozembetsa ngaka m'malire a Muloza, pamene boma la Mulanje lagundana ndi Milange ku Mozambique, ndi ntchito yotamandika. Lamulo loteteza nyama zakutchire, monga linakonzedwera m'chaka cha 2017, limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende. Komabe ife tikufuna kukumbutsa kuti wakuba akaloŵa m'chitolokosi, kanyama kaja kamakhala kakali pakati pa moyo ndi imfa.

Ngaka yosungidwa m'thumba masiku angapo imatuluka yofooka ndi ludzu, mwinanso ili ndi zilonda za waya wa msampha. Siidya nsima kapena chimanga, ngakhale ena amaipatsa mwachifundo. Chakudya chake ndi nyerere ndi chiswe basi. Ndipo poti ikachita mantha imangodzipinda, wosadziŵa amayesa ili bwino.

Kuyambira 2014, bungwe la Lilongwe Wildlife Trust, mogwirizana ndi Nthambi ya Boma yoona za malo osungirako nyama zakutchire, lili ndi gulu la madokotala oyendayenda. Ikakhala njovu yokodwa, monga zachitikira ku Liwonde, amailasa ndi jekeseni wogonetsa, nadula waya, natsuka bala, kenaka naidzutsa.

Tsono Lilongwe ndi kutali ndi Muloza. Chotero tipempha apolisi ndi ogwira ntchito pa chipata kuti adziŵitse a Nthambiyi tsiku lomwelo, asunge ngakayo pamthunzi popanda chipiringu cha anthu oionerera, ndipo asadikire kuti mlandu uyambe waloŵa m'khoti. Aphunzitsi nawonso afotokozere ana a sukulu zimenezi.