Njinga yamoto ya pakhomo panu: kukhoma handulo kokha sikukwanira

Mayi, ngati pakhomo panu pali njinga yamoto, mukudziwa nokha mmene inabwerera. Ena munatenga ngongole ku banki m'khonde kuti mnyamata wanu ayambe kabaza, ena munagulitsa soya kapena mtedza wa chaka chonse. Njingayo ndi imene ikubweretsa ndiwo madzulo, ndiponso ndi imene imathamangira ndi mwana ku chipatala malungo akamuyamba usiku. Ikabedwa lero, gulu silisiya kufuna ndalama zake tsiku lobweza likakwana. Choncho ngakhale simuyendetsa ndinu, funsani pamene imaimikidwa ndi mmene imakhomedwera.

Ambiri akafika pa tchalitchi amangopotoza handulo, kukhoma ndi kiyi, n'kulowa mtima uli m'malo. Koma loko wa pa handulo ndi kachitsulo kakang'ono, ndipo wakuba wozolowera amakathyola pokankha handuloyo mwamphamvu. Ngakhale asathyole, njinga zimene zadzaza m'misewu yathu, monga Boxer ndi Lifo, n'zopepuka: kulemera kwake n'kongopitirira makilogalamu 100, ngati matumba awiri kapena atatu a chimanga. Amuna atatu amainyamula n'kuikweza m'galimoto, kiyi ili m'thumba mwa mwini wake.

N'chifukwa chake chinthu choyamba kugula ndi tcheni chonenepa ndi loko wolimba, kuti njinga imangiriridwe ku chinthu chosazuka: mtengo, mzati wa simenti, kapena chitsulo chozikika. Tcheni chidutse pa felemu kapena pa tayala lakumbuyo, chifukwa lakutsogolo limamasulidwa msanga. Chisakhale chogona pansi. Chikagona, wakuba amapeza potsamiritsa chodulira chake kapena pomenyera loko ndi hamala, pamene chikakhala cholendewera ndi chokoka bwino chimamuvuta. Kunyumba, wowotcherera zitsulo angakupangireni mphete yachitsulo, mmisiri n'kuikwirira m'simenti pamene njinga imagona. Tcheni cha njinga yakapalasa chisakunyengeni ndi mtengo wake wotsika, chimaduka ngati ulusi.

Nanga alamu? Ilipo ya mitundu iwiri. Ina ndi loko amene amalira mokweza akagwedezeka, ndipo amayendera timabatire tating'ono tofunika kusintha tikafooka. Maloko ena otere amakhomedwa pa chimbale cha buleki, koma njinga zambiri zotsika mtengo zilibe chimbalecho, ndiye yang'anani tayala musanagule. Amene akhoma pa tayala amange kansalu kowala pa handulo, ngakhale kachidutswa ka chitenje, kom'kumbutsa. Kunyamuka loko ali pa tayala kumagwetsa munthu. Mtundu wina amaulumikiza ku batire ya njinga. Umenewu aike makaniko wodziwa, popeza mawaya olumikizidwa molakwika amamaliza batire, ndipo alamu yolira mphaka akangodutsa imatopetsa anansi mpaka amasiya kudzuka.

Tinene zoona, alamu siigwira wakuba. Imangoitana anthu, ndipo pa Misa, ng'oma ndi kwaya zikakolera pa nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu, palibe angaimve. Apa ndi pamene inu amayi a bungwe muli ndi mawu. Kapempheni akuluakulu a tchalitchi kuti njinga zonse ziziimikidwa pamalo amodzi oonekera, pakhale chitsulo chomangirirapo, ndipo abambo kapena achinyamata azisinthana kulondera Lamulungu lililonse. Wolonderayo angapemphere nawo Misa ina. Pa maliro, pa ukwati ndi pa msonkhano wa mphakati chitaninso chimodzimodzi, chifukwa pamene anthu achuluka aliyense amaganiza kuti wokankha njinga uja ndi mwini wake.

Usiku mabanja ambiri amalowetsa njinga m'nyumba, ndipo n'kwanzeru. Koma samalani thanzi la banja. Injini izimitsidwe panja, njinga ilowe mokankha, pakuti utsi wa injini m'chipinda chotseka uli ndi mpweya woipa wosanunkha umene umapha. Tsekani kampopi ka petulo. Mbaula, kandulo ndi koloboyi zikhale kutali, ndipo ana asagone chipinda chimodzi ndi njingayo. Ekizozi imakhala yotentha kwa nthawi ikaima, ndipo mwana wokwawa ndi amene amayamba kuigwira. Kiyi musaisiye pa njinga kapena pafupi ndi zenera.

Pali ntchito ina imene mungaigwire lero lomwe, yosalira ndalama. Njinga iliyonse ili ndi nambala yosindikizidwa pa injini ndi ina pa felemu. Muuzeni mnyamatayo akuonetseni, muzilembe papepala, mujambulenso njingayo ndi foni mbali zonse, kuphatikizapo zipsera zimene inu nokha mukuzidziwa. Apolisi akapeza njinga, nambala zimenezi ndi zimene zimatsimikizira mwini wake, ngakhale akuba ataipaka utoto wina. Ngati siinalembetsedwe ku Road Traffic, yambani kusungira ndalama zake. Funsaninso za inshuwalansi imene munadula: ya third party imalipira anthu ena amene mwawaonongera pa ngozi, koma siibweza njinga yobedwa. Pepala la nambala lija, risiti yogulira ndi kiyi yachiwiri musazisunge pa njinga. Ikani m'chikwama chomwe mumasungamo makadi a ubatizo.