Ma Viking: alimi omwe adasanduka achifwamba a panyanja

Pa 8 June m'chaka cha 793, ngalawa zachilendo zidakocheza pachilumba cha Lindisfarne, kumpoto chakum'mawa kwa England. Alendowo adalowa m'nyumba ya amonke, kupha ena, kumanga ena kuti akakhale akapolo, n'kukokolola chuma cha m'tchalitchi.

Mabuku ambiri amatenga tsiku limeneli ngati chiyambi cha nyengo ya ma Viking. Koma mtengo sukula tsiku limodzi. Kodi anthuwa adachokera kuti, ndipo chidawatulutsa m'midzi yawo n'chiyani?

Kwawo n'kozizira

Kwawo ndi ku Scandinavia, komwe lero kuli maiko a Denmark, Norway ndi Sweden. Zaka 20,000 zapitazo pafupifupi dera lonseli lidali pansi pa madzi oundana, kopanda munthu. Madziwo atayamba kusungunuka, alenje adalowa kuchokera kumwera akulondola nyama zonga mphalapala zotchedwa reindeer. Ena adakhazikika m'magombe n'kumapha nsomba.

Ulimi udafika zaka pafupifupi 6,000 zapitazo. Adayamba kudzala tirigu ndi barele, kuweta ng'ombe, nkhosa ndi nkhumba. Vuto lidali malo. Mpaka lero, pa maekala 100 alionse a dziko la Norway, olimika ndi atatu okha. Kwinako ndi mapiri, nkhalango ndi miyala. Wofuna kukaona abale kapena kukasinthanitsa katundu, msewu wake udali madzi.

Bwato lidakula pang'onopang'ono

Cha m'ma 1700 Yesu asanabadwe, anthuwa adayamba kusula zida zamkuwa. Mkuwawo umachokera kutali, ndipo mwa zina iwo amapereka amber, utomoni wakalekale wouma ngati mwala umene umatoledwa m'magombe a kumeneko.

Umboni wa maulendo awo uli pamiyala. Monga momwe makolo athu adasiyira zojambula ku Chongoni m'boma la Dedza, nawonso adagoba zithunzi pamatanthwe a ku Tanum m'dziko la Sweden. Malo onse awiriwa ali m'kaundula wa UNESCO. Pa zithunzi za ku Tanum, mabwato ndi mbwee.

Akatswiri ofukula zakale adapezanso mabwato enieni. La ku Hjortspring m'dziko la Denmark, lomwe lidapangidwa cha m'ma 350 Yesu asanabadwe, n'lotalika mamita pafupifupi 19, ndipo matabwa ake adachita kuwasoka ndi zingwe. La ku Nydam, la cha m'ma 320 Yesu atabadwa, n'lotalika mamita 23 ndipo adalikhoma ndi misomali yachitsulo. Onse awiriwa adalibe thanga. Amayenda ndi mphamvu za opalasa basi.

Dzuwa litazimirira

M'chaka cha 536 kudagwa zoopsa. Phulusa la phiri lophulika lidaphimba dzuwa, kunja kudazizira kwa zaka zingapo ndipo mbewu zidakanika. M'madera ena a Sweden ndi Norway midzi yambiri idasanduka mabwinja.

Akatswiri ena akuti njalayi itatha, minda idatsalira m'manja mwa mabanja ochepa amphamvu. Mafumu adamanga nyumba zikuluzikulu momwe amadyetsera anyamata awo ankhondo ndi kuwapatsa mphatso. Mfumu yopanda chogawa anyamata amaithawa, choncho chuma chimayenera kufunidwa kwina.

Chomwe chidatsegula njira ndi thanga loluka ndi ubweya wa nkhosa, lomwe lidafala m'zaka za m'ma 700. Ngalawa zawo zidali zopepuka, zotha kuwoloka nyanja yaikulu komanso kulowa m'mitsinje yosaya. Misika monga Ribe ku Denmark ndi Birka ku Sweden idayamba m'zaka zomwezo, ndipo amalonda adadziwa komwe kuli chuma chopanda alonda.

Ndipotu Lindisfarne sikudali koyamba kutuluka. M'zaka za 2008 ndi 2010, ku Salme m'dziko la Estonia kudafukulidwa ngalawa ziwiri za cha m'ma 750, muli mafupa a amuna oposa 40 ochokera ku Sweden. Ambiri adali ndi zipsera za nkhondo.

Adafika kutali

Mawu akuti Viking sadali dzina la mtundu. Amanena za munthu wopita kukafunkha panyanja. Ambiri kumudzi adali alimi, asodzi ndi amisiri, ndipo zipewa zanyanga zomwe timaona m'mafilimu sankavala kunkhondo.

Omwe adatuluka adafika kutali zedi. Adamanga msasa ku Dublin mu 841, womwe udadzakhala msika waukulu wa akapolo. Adakhazikika ku Iceland cha m'ma 870 ndi ku Greenland cha m'ma 985. Kafukufuku wa mu 2021 adaonetsa kuti mu 1021 adadula mitengo ku L'Anse aux Meadows m'dziko la Canada, zaka 471 Christopher Columbus asanawoloke nyanja.

Ena adalowera kum'mawa kudzera m'mitsinje ya ku Russia, kugulitsa zikopa ndi anthu posinthana ndi siliva wa Aluya. Mu 1999, pachilumba cha Gotland adafukula siliva wolemera makilogalamu 67, kuphatikizapo ndalama zachitsulo zoposa 14,000. Gawo la chuma chotere lidachokera m'misozi ya akapolo omwe maina awo palibe adawalemba.

Nyengo yawo idatha pang'onopang'ono mafumu awo atalandira Chikhristu, ndipo ambiri amaitsekera mu 1066 pomwe mfumu Harald Hardrada ya ku Norway idaphedwa ku Stamford Bridge, ku England.

Koma dzina la mmodzi mwa mafumuwo lili m'thumba mwanu. Harald Bluetooth, yemwe adagwirizanitsa Denmark n'kuilowetsa m'Chikhristu cha m'ma 965, ndiye mwini dzina la Bluetooth ya pafoni yomwe ana amatumizirana nyimbo.