Kutumiza nsomba zoziziritsa kunja pa ndege

Kutumiza nsomba zoziziritsa kunja pa ndege ndi njira yofikitsira nsomba zaziwisi kumsika wa dziko lina zisanavunde. Nsombazo zimayenda m'magulu awiri. Zina zimangoziziritsidwa ndi ayisi kuti zikhale pafupi ndi madigiri 0, osauma. Zina zimaumitsidwa gwa mufiriji mpaka madigiri 18 pansi pa 0 kapena kutsikirapo. Njira yomweyi ndi imene nyama, mkaka, zipatso ndi masamba zimayendera. Ku Malawi nkhaniyi imakhudza kwambiri chambo cha ku Mangochi, chimene a Malawi okhala ku South Africa ndi ku United Kingdom amachifuna kwambiri.

Chifukwa chake nsomba imavunda msanga

Nsomba ikangofa, mabakiteriya a pakhungu ndi m'matumbo mwake amayamba kuswana, ndipo kutentha kumawathandiza. Ku Mangochi mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35 masiku ambiri, choncho chambo chosiyidwa m'bwato popanda ayisi sichitha tsiku chili bwino. Chikatumbulidwa, kutsukidwa ndi madzi abwino ndi kukwiriridwa mu ayisi nthawi yomweyo, chimatha kupitirira sabata. Kuzizira sikupha mabakiteriya, kumangowachedwetsa. N'chifukwa chake nsomba imene yayamba kale kuwonongeka sibwerera mwakale ngakhale itaikidwa mufiriji, ndipo imene yasungunuka n'kuumitsidwanso imakhala yofewa komanso yosakoma.

Ulendo wochoka kunyanja

Ulendo wa pandege ndi wachidule. Kuchoka pa Chileka ku Blantyre kukafika ku Johannesburg ndi maola awiri ndi mphindi zochepa. Vuto lili pansi. Kuchoka pa boma la Mangochi kukafika ku Blantyre kudzera ku Liwonde ndi Zomba ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 190, ndipo bwalo la ndege la Kamuzu, limene lili ku Lumbadzi kumpoto kwa Lilongwe, ndi kutali kuposa apo. Nsomba yochokera ku Makanjira, kutsidya la kummawa kwa nyanja, imayamba yayenda maola angapo isanafike n'komwe pa boma. M'madooko ambiri mulibe makina opangira ayisi, ndipo kumene aliko, kuzimazima kwa magetsi kumasokoneza ntchito. Pabwalo la ndege katundu amaperekedwa kudakali maola angapo ndege isananyamuke, ndiye akasiyidwa padzuwa podikira kukwezedwa, ntchito yonse ya m'mbuyo imapita pachabe.

Pakadali pano palibe ndege yochoka ku Malawi kupita ku Europe osaima. Katundu amasintha ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kudzera m'makampani monga Ethiopian Airlines, Kenya Airways, Malawi Airlines ndi Airlink. Ndege yoyamba ikachedwa, bokosi limagona pamenepo. Wolongedza wanzeru amaika zoziziritsa zokwanira maola ambiri kuposa amene alembedwa pa ndondomeko ya ulendo.

Kalongedzedwe

Nsomba zimalongedzwa m'mabokosi oyera opepuka a polystyrene, mkati mwake muli pulasitiki yochindikala yomangidwa bwino. Makampani ambiri a ndege safuna ayisi wamba wongothira, chifukwa akasungunuka madzi a nsomba amadontha, kununkhitsa katundu wa ena ndi kuwononga zitsulo za ndege. M'malo mwake amagwiritsa ntchito timapaketi ta phala loumitsidwa timene sitidontha.

Pa nsomba zouma gwa amagwiritsa ntchito dry ice, umene ndi mpweya wa carbon dioxide woumitsidwa. Umazizira kufika madigiri 78.5 pansi pa 0, ndipo susungunuka kukhala madzi, umangosanduka mpweya. Mpweyawo ukachuluka pamalo otsekeka umabanikitsa munthu, ndipo ukhoza kuphulitsa bokosi lomatidwa paliponse. Pa chifukwa ichi dry ice ali m'gulu la katundu woopsa, nambala yake ndi UN 1845, ndipo bokosi liyenera kukhala ndi potulukira mpweya komanso kulembedwa kulemera kwake. Munthu wokwera ndege amaloledwa makilogalamu 2.5 okha, atapempha kaye kwa eni ndege. Malamulo a katundu wosachedwa kuwonongeka amasindikizidwa ndi bungwe la makampani a ndege la IATA.

Mtengo suwerengedwa pa kulemera kokha. Amayeza kutalika, kutambalala ndi msinkhu wa bokosi m'masentimita, kuchulukitsa, n'kugawa ndi 6,000. Bokosi la masentimita 60 ndi 40 ndi 40 limawerengedwa ngati makilogalamu 16, ngakhale pasikelo litalemera 10. Likalemera kuposa 16, amatenga nambala ya pasikeloyo. Choncho wotumiza amalipiranso bokosi ndi zoziziritsa, zimene wogula sadzadya. Usipa sungabweze ndalama zoterezi, n'chifukwa chake umayenda wouma pa basi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Chambo chokha ndi chimene mtengo wake ungayandikire.

Zikalata ndi malamulo a dziko lolandira

Katundu aliyense amayenda ndi chikalata cha eni ndege chotchedwa air waybill, zikalata za kasitomu, ndi chikalata chotsimikiza kuti chakudyacho ndi chaukhondo. Mayiko a European Union salandira nsomba zamalonda pokhapokha dziko lotumiza ndi fakitale yake zitavomerezedwa ndi iwo. Munthu wonyamula zakudya yekha ali ndi lamulo lina: ku European Union ndi ku Britain amalola nsomba zosapitirira makilogalamu 20, ndipo yaiwisi iyenera kukhala yotumbula. Nyama ndi mkaka zochokera ku Malawi saloleza m'chikwama. Chambo chambiri chimene chimadyedwa ndi a Malawi a kunja chimapita motere, m'zikwama za abale, osati ngati katundu wa kampani.

Zimene zinachitika ku nyanja ya Victoria zimaonetsa kulimba kwa malamulowa. Nsomba ya Nile perch imakwera ndege ku Entebbe, Mwanza ndi Nairobi kupita ku Europe. Pakati pa 1997 ndi 2000 European Union inaimitsa malondawa kangapo, poyamba chifukwa cha salmonella, kenako kolera, kenako mantha akuti asodzi ena akupha nsomba ndi mankhwala. Mafakitale ena anatsekedwa, ndipo mayiko a Uganda, Tanzania ndi Kenya anachita kukonzanso madooko ndi malo oyezera nsomba kuti msika utsegulidwe.

Zimene Malawi amatumiza kale

 Kampani ya Malawi Mangoes ya ku Salima imatumiza mango a mtundu wa Alphonso ku Mumbai pa ndege, ndipo amafika cha mu Novembala pamene mango a ku India asanapse. Ku Senga Bay, kampani imene anayambitsa Stuart Grant yakhala zaka zambiri ikutumiza mbuna zamoyo m'matumba a madzi ndi okisijeni kwa anthu oweta nsomba zokongoletsa nyumba. Izi si zakudya, koma zimadutsa pamabwalo a ndege omwewo ndi m'mavuto omwewo a kuchedwa.

Kuchepa kwa chambo

Ngakhale ayisi ndi ndege zitakhalapo, chambo chenichenicho chachepa. Dzinali limaimira mitundu itatu: Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole. Ku nyanja ya Malombe usodzi wa chambo unagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Boma limatseka usodzi wa makoka kumapeto kwa chaka kuti nsomba ziswane. Kampani ya Maldeco inayamba kuweta nsomba m'makola oyandama panyanja ku Mangochi, ndipo nsomba yoweta ndi yosavuta kutumiza chifukwa tsiku lokolola likhoza kugwirizana ndi tsiku la ndege. Komabe misika ya Limbe ndi Lilongwe imagula chambo chambiri chimene chapezeka, ndipo m'masitolo ena a m'mizindayi mumapezekanso nsomba zofanana nacho zochokera kunja.