Firiji Isazime Panjira: Kuchokera ku Bethanie Mpaka ku Mwanza

Mwezi wa Disembala ukayandikira, Amalawi amene amagwira ntchito m'dera la migodi ya pulatinamu ku Rustenburg amayamba kumanga katundu wopita naye kumudzi. Ku Bethanie, mudzi wa anthu a mtundu wa Bakwena ba Mogopa umene unakula mozungulira mishoni ya Hermannsburg yokhazikitsidwa m'chaka cha 1864, mumaona magalimoto ang'onoang'ono atasenza matilesi, njinga, malata ndi zidebe za mafuta ophikira. Kale azigogo athu ankapita ku Joni pa ndege za Wenela, nabwerako ndi sutikesi, bulangete ndi wailesi. Njira imeneyo inatsekeka m'chaka cha 1988. Masiku ano anthu amayenda pamsewu, ndipo pakati pa katundu wawo pamapezekanso bokosi lina lachilendo: firiji yaing'ono yoyendera batire ya galimoto.

Ena amaikamo nyama ndi zakumwa. Ena amaikonzera ulendo wobwerera, kuti adzatengemo chambo chachiwisi cha ku Mangochi. Koma pali ena amene m'bokosimo mumakhala mankhwala a insulini a kholo lodwala matenda a shuga, ndipo kwa iwowa firiji ikazima panjira si nkhani ya ndiwo chabe.

Ulendowu ndi wa makilomita oposa 1,600. Umadutsa ku Musina, pa chipata cha Beitbridge, ku Masvingo ndi Harare, pa chipata cha Nyamapanda, kenaka ku Tete, mpaka kukalowa m'Malawi pa Zobue ndi Mwanza. Pamene galimoto ikuyenda palibe vuto lalikulu, chifukwa injini imakhala ikudzaza batire. Vuto limabwera poima. Nyengo ya Khirisimasi munthu atha kukhala pamzera pa chipata kwa maola ambiri, injini ili chozima, ndipo ku Tete kutentha kumatha kupitirira madigiri 40.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga chaka china pamene ndinakwera galimoto ya mlamu wanga. Tinagona pafupi ndi chipata china, firiji italumikizidwa ku batire yolizira injini. M'bandakucha mzera utayamba kusuntha, alamu anapotokola kiyi, galimoto inangoti kete-kete, osalira. Tinaikankha anthu anayi, madalaivala a kumbuyo kwathu akuimba mahutala. Nyama tinaipulumutsa, koma batire ija sinakhalenso bwino, ndipo titafika ku Blantyre anagula ina.

Firiji zonse si zofanana

Chinthu choyamba kuchidziwa n'chakuti mabokosi amene amagulitsidwa ndi dzina la firiji ya m'galimoto alipo a mitundu yosiyana. Otsika mtengo kwambiri alibe kompresa. Amaziziritsa pogwiritsa ntchito kachipangizo kamagetsi ndi kafani, ndipo mphamvu yawo ndi yongotsitsa kutentha kwa m'kati ndi madigiri pakati pa 15 ndi 20 poyerekeza ndi kunja. Tsono ngati ku Tete kwatentha madigiri 40, m'bokosimo mukhala madigiri 20 kapena kuposerapo. Nsomba yaiwisi imafuna madigiri osapitirira 5. Kuonjezera apo, bokosi lotere limakoka magetsi osapumira, ma amp anayi kapena asanu ola lililonse, usana ndi usiku. Ndi labwino kusungiramo madzi akumwa pa ulendo wa ku Brits, koma pa ulendo wa kumudzi ndi kutaya ndalama.

Firiji yeniyeni ndi ya kompresa, monga zimene amapanga a Engel, National Luna kapena SnoMaster. Imagwira ntchito ngati ya m'nyumba: kompresa imalira, m'kati mukazizira imaima, mukayamba kufunda imaliranso. N'chifukwa chake siwononga magetsi ambiri.

Masamu a batire

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, pamene masamu ake ndi osavuta. Titenge firiji ya malita 40 imene imakoka ma amp anayi kompresa ikamalira. Kunja kukakhala kozizira, kompresa itha kulira maola asanu ndi atatu pa tsiku lathunthu, ndiye kuti yadya ma amp-hour 32. M'chigwa cha Zambezi itha kulira maola 12 kapena kuposerapo, ndiye kuti yadya 48 kapena kupitirira. Pa mabatire ambiri pamalembedwa nambala yotsatana ndi zilembo Ah, ndipo nambala imeneyo ndiyo kukula kwa nkhokwe ya batireyo.

Koma nkhokweyo siyenera kuphwasulidwa yonse. Batire ya mtovu ndi asidi imaonongeka msanga ikamatsitsidwa kupitirira theka, choncho ya 100 Ah imakupatsani 50 yokha yogwiritsa ntchito, imene ndi ya tsiku limodzi lotentha. Batire yolizira injini ndiye yosayenera n'komwe. Inapangidwa kuti itulutse mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa kenaka idzazidwenso nthawi yomweyo, osati kukokedwa pang'onopang'ono usiku wonse. Ndicho chinachitikira alamu anga.

Njira yodalirika ndi kukhala ndi batire yachiwiri ya firiji yokha, ya mtundu umene ogulitsa amautcha deep cycle. Pakati pa mabatire awiriwa pamaikidwa chipangizo chimene chimalola yachiwiriyo kudzazidwa injini ikamalira, koma chimawalekanitsa injini ikazima. Motero firiji itha kumaliza batire yake, galimoto n'kulira bwinobwino m'mawa. Mabatire a lithium a mtundu wa LiFePO4 ndi opepuka ndipo amalola kugwiritsa ntchito gawo loposa 80 pa 100 alionse a mphamvu yawo, koma ndi okwera mtengo ndipo amafuna chodzazira choyenerana nawo. Anthu ambiri ku South Africa anawadziwa mabatire amenewa m'chaka cha 2023, pamene kampani ya Eskom inkazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse. Amene ali ndi sola ya ma watt 100 atha kuiyala pa denga la galimoto akaima pamzera. Dzuwa likaswa mtengo imapereka ma amp asanu kapena asanu ndi limodzi, okwanira kuyendetsa firiji masana onse.

Kamita koyezera magetsi n'kotsika mtengo ndipo n'kofunika kukhala nako. Batire ya mtovu yodzaza, itapumula, imaonetsa ma volt 12.6 kapena 12.7. Ikafika cha pa 12.1 yatsala ndi theka, ndipo ndi nthawi yoliza injini. Firiji zambiri za kompresa zili ndi podina posankha mlingo umene firiji izizima yokha batire ikatsika. Ngati mulibe batire yachiwiri, sankhani mlingo wapamwamba kwambiri, kuti firiji izime msanga injini isanasowe mphamvu yolirira.

Nthambo nazo zimanamiza anthu. Bowo loyatsira ndudu la m'galimoto lili ndi nthambo zopyapyala, ndipo pulagi yake imakhwepa pa msewu wa maenje. Mphamvu imatayika m'njira, firiji n'kuzima ngati batire yatha pamene ili yodzaza. Mmisiri wa magetsi a galimoto akhoza kukoka nthambo yonenepa kuchokera ku batire, n'kuika fyuzi pafupi ndi batireyo. Fyuziyo musaisiye: nthambo yopanda fyuzi ikakhudzana ndi chitsulo pansi pa katundu, galimoto imapsa.

Zina n'zosafuna ndalama. Firiji iyatsidwe ku magetsi a m'nyumba usiku wonse musananyamuke, ndipo zinthu zilowemo zitazizira kale, chifukwa ntchito yaikulu ya kompresa ndi kuziziritsa chinthu chofunda. Malo otsala adzazidwe ndi mabotolo a madzi ozizira. Isakhale padzuwa, ndipo zibowo zake zotulutsira mpweya wotentha zisatsekedwe ndi matumba a zovala, chinthu chovuta kuchitsatira m'galimoto yopita kumudzi momwe ngakhale phazi limasowa poponda. Ana auzidwe kuti chivundikiro si chotsegula nthawi iliyonse.

Za mankhwala

Insulini yosatsegula imasungidwa pa madigiri pakati pa 2 ndi 8. Anthu ambiri amaopa kutentha kokha, osadziwa kuti ikaundana yaonongeka ndipo siyeneranso kubayidwa, ngakhale itasungunuka n'kuoneka bwino. Choncho amene wanyamula insulini asatsitse firiji mpaka pa mlingo woumitsira nyama, ndipo mabotolowo asakhudze khoma la m'kati kapena madzi oundana. Akulungidwe m'kansalu, aikidwe pamwamba, pambali pake pakhale kachipangizo koyezera kutentha. Nyama youma gwa ndi insulini siziyendera m'chipinda chimodzi.

Nanga firiji ikazima ndithu? M'chaka cha 2021 bungwe la Médecins Sans Frontières ndi yunivesite ya Geneva anafalitsa kafukufuku wochokera ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya. Anapeza kuti insulini imene ikugwiritsidwa ntchito inasunga mphamvu yake kwa milungu inayi pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37. Zimenezi zikutonthoza mtima, koma m'galimoto yotseka mawindo imene yaima padzuwa mumatentha kuposa pamenepo. Zikatero mankhwalawo atulutsidwe, akulungidwe m'nsalu yonyowa, aikidwe pamthunzi pamene pakupita mphepo, monga momwe mtsuko wa dothi umaziziritsira madzi kumudzi. Mukafika, auzeni a chipatala zimene zachitika panjira wodwalayo asanayambe kubaya.

Chinanso n'chakuti nyama ndi nsomba zaziwisi zili ndi malamulo ake pa malire a maiko, makamaka chifukwa cha matenda a ziweto a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ndipo ulendowu umadutsa zipata zitatu. Funsani za chilolezo musanagule nyamayo, ndipo kalata ya dokotala ya mankhwala aja ikhale pamodzi ndi pasipoti.