Ntchito yosadza mitengo m'tauni: kasitomala amalipira denga lake

Mvula yoyamba ikayandikira, mu Okutobala ndi Novembala, mafoni a anthu odula mitengo m'tauni salekeza kulira. Mwininyumba amene chaka chonse wakhala akupuma pamthunzi wa bulugamu amayamba kuuyang'ana ndi diso lina akamva mphepo ikuwomba usiku. Ku Namiwawa, Nyambadwe ndi Sunnyside mumzinda wa Blantyre, ku Area 10 ndi Area 43 ku Lilongwe, komanso ku Zomba, komwe kunali likulu la dziko mpaka 1975, kuli mitengo ya jakaranda, malaina ndi mibawa yomwe inakula nyumba zili patalipatali. Lero pansi pa mitengoyi pali mipanda ya njerwa, nyumba za lendi, magalimoto ndi mawaya a magetsi. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Marichi 2023 anasiya anthu ambiri a kummwera akuopa mtengo uliwonse woyandikana ndi nyumba.

Ntchito ndiye ilipo. Koma ogula makina odulira n'kuyamba bizinesiyi ambiri sachedwa kubwerera kumaganyu, ndipo chowagwetsa kawirikawiri si kusowa makasitomala. Amaganiza kuti akugulitsa mphamvu zodula mtengo, pomwe kudula kokhako mnyamata aliyense wa nkhwangwa angathe. Chimene mwininyumba akulipira n'chakuti mtengo utsike pansi malata, mpanda ndi mapaipi a madzi zili bwinobwino. Womvetsa zimenezi amatchula mtengo wa ntchito mosiyana ndi anzake, amagula zida zosiyana, ndipo ntchito zina amazikana.

Tiyambe ndi katchulidwe ka ndalama, poti n'pamene ambiri amadzipweteka okha. Musatchule mtengo pafoni, ngakhale kasitomala atumize chithunzi pa WhatsApp. Chithunzi sichionetsa kuti tsinde linadyedwa ndi chiswe m'kati, kapena kuti geti ndi lopapatiza moti lole singalowe. Pitani mukaone. Zungulirani mtengo, gogodani tsinde ndi chigogodo cha nkhwangwa mumve ngati likulira mphako, yang'anani bowa patsinde ndi ming'alu pamphanda, onani kumene wapendekera. Kwezaninso maso mufufuze njuchi ndi mavu, chifukwa munthu ali m'mwamba ndi makina olira alibe kothawira.

Mitengo iwiri yofanana msinkhu ikhoza kusiyana ntchito kutalitali. Wa pabwalo loyera ugwa m'mawa umodzi. Wa pakati pa nyumba ndi mpanda uyenera kutsitsidwa chidutswachidutswa ndi zingwe, mwina masiku awiri, anthu anayi. Powerengera muikemo malipiro a anthu, petulo, oyilo wosakaniza, oyilo wa tcheni, thiransipoti, ndi kangachepe kosungira kuwonongeka kwa makina. Kenaka funsani mafunso amene amayambanitsa anthu ntchito ikatha: nthambi ndi masamba achotsa ndani? Nkhuni ndi zipika ndi za yani? Chitsa chizulidwe kapena chitsale? Kuzula chitsa cha mango aakulu ndi khasu ndi piki ndi ntchito ina payokha, ndipo iyenera kukhala ndi mtengo wakewake. Zonsezi zilembedwe, ngakhale papepala la m'kope kapena mu uthenga wa pafoni womwe kasitomala wayankha kuti wavomera. Ndalama yoyambira ilowe pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti pakhale umboni.

Pamtengo womwe mwatchula lembaninso tsiku lomwe uthere mphamvu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, matcheni, mapulagi ndi zina zonse zochokera kunja zinakwera nthawi yomweyo, ndipo amene anali atalonjeza mitengo yakale anagwira ntchito yongothandiza.

Pa nkhani ya makina, a Stihl ndi Husqvarna ndi odula, koma zipangizo zake zimapezeka ndipo amakanika amawadziwa. Otchipa a pamsika amakopa munthu woyamba kumene, koma tsiku limene afa mtengo uli wodulidwa theka, ulendewera pamwamba pa nyumba ya eni, m'pamene mumadziwa mtengo wake weniweni. Makinawa amafuna petulo wosakaniza ndi oyilo wa 2-stroke. Ndi oyilo wabwino muyezo wake ndi 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 100 pa malita 5 a petulo. Kuyeza ndi maso kapena kuthira oyilo wa galimoto kumapha injini. Enanso amathira oyilo wakuda wotsala m'galimoto popaka tcheni pofuna kupulumutsa ndalama; oyiloyu amatseka pampu ndipo tcheni chimatha msanga.

Tcheni chimadziulula chokha. Chakuthwa chimalavula tizipalapala ta mtengo ndipo chimalowa popanda kukankha. Chikayamba kutulutsa utuchi wosalala ngati ufa, chabuntha: zimitsani, tengani tupa yozungulira ya saizi yake munole dzino lililonse mofanana. Mitengo ya m'tauni imakhala ndi misomali, mawaya oyanikira zovala ndi zikwangwani zakale zomwe khungwa linameza, choncho tcheni chapadera chisasowe m'chikwama.

Zodzitetezera sizokambirana. Chipewa cholimba, magalasi, zotseka m'makutu, jombo, buluku loletsa tcheni, lamba wokwerera ndi chingwe chake. Chingwe chomangira munthu chisakhale chomwecho chotsitsira zipika. Ngozi yoopsa kwambiri pamakinawa imachitika nsonga ya m'mwamba ya chitsulo choyendapo tcheni ikagunda chinthu, makina n'kudumphira kumaso kwa wodula. N'chifukwa chake buleki ya tcheni iyenera kuyesedwa m'mawa uliwonse. Zomvetsa chisoni n'zakuti m'matauni mwathu mukadali anyamata okwera mitengo opanda nsapato, chikwanje kumanja, dzanja lina litakoleka panthambi. Anthu amaima m'munsi kuchemerera kulimba mtima. Bwana amene wamutuma ndi amene adzayankhe akagwa, pakuti lamulo la chipepeso cha ovulala pantchito, la chaka cha 2000, limaika udindowo pa wolemba ntchito. Pitani kumakampani a inshuwalansi mukafunse ya antchito ndi yolipira katundu wa ena. Masukulu, mabungwe ndi maofesi akuluakulu amafunsa mapepala amenewa, pamodzi ndi satifiketi yolembetsa bizinesi ndi nambala ya msonkho ya ku MRA, asanakupatseni ntchito.

Luso lenileni limaonekera pa nthambi imodzi. Wosadziwa amayamba kucheka pamwamba, pafupi ndi thunthu. Nthambi ikalemera imathyoka isanathe, n'kusenda khungwa kutsika nalo, kusiya bala lalitali lomwe madzi ndi chiswe zidzalowerepo. Wodziwa amacheka katatu. Koyamba amacheka pang'ono kunsi kwa nthambi, chapatali ndi thunthu. Kachiwiri amacheka pamwamba, kutsogolo pang'ono kwa poyamba paja, nthambi n'kugwa yosasenda kanthu. Kachitatu amachotsa kachitsa kotsala, kunja kwa kakhosi kotupa komwe nthambi imalumikizana ndi thunthu. Kakhosi kameneka ndi komwe kamatseka bala, ndipo sikayenera kudulidwa. Kupaka penti pabala sikuthandiza.

Pogwetsa mtengo wathunthu, mumasema kamwa mbali yomwe mukufuna ugwere, n'kucheka kumbuyo, koma osadutsitsa. Kachigawo kotsala pakati ndi kamene kamagwira mtengo n'kuuwongolera pogwa. Mukakadula, mtengo upita kumene wafuna. Njira yothawira ikonzedwe kale, chammbali chakumbuyo, ndipo oonerera, makamaka ana, atalikire kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo.

Pali pempho limodzi lomwe mudzalimva sabata iliyonse: kudula mutu wonse wa mtengo kuti utsale thunthu lokha. Ndi ntchito yachangu ndipo ndalama yake imabwera msanga, koma ine ndimaiona ngati kubera kasitomala. Malaina kapena jakaranda wodulidwa chotere amaphukira nthambi zambirimbiri zothamanga kukula, zomera pamtengo woola, ndipo patapita zaka zochepa ndi zomwezo zimathyokera padenga. Mfotokozereni mwininyumba kuti kuchotsa nthambi zouma, zopingasana ndi zolemera mbali ya nyumba kumasiya mtengo wolimba ndi mthunzi wake. Pabizinesi napo mpomveka: mtengo wogwetsedwa umakudyetsani kamodzi, wosadzidwa bwino amakuitanirani chaka ndi chaka.

Za malamulo musaziderere. Lamulo la nkhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zinakhwima. Musanakhudze mtengo wachilengedwe monga mbawa kapena mlombwa, kafunseni ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu, ndipo ngati mudzanyamula zipika kapena matabwa pamsewu, tengani chikalata choonetsa kumene zachokera. Mtengo wa m'mbali mwa msewu, kunja kwa mpanda, ndi nkhani ya khonsolo, ngakhale wokuitanani alumbire kuti anabzala yekha. Wa m'malire umafuna kuti woyandikana naye avomere. Funsaninso ngati wokuitananiyo ndi mwini nyumba kapena wa lendi. Kumudzi, mitengo ya kumanda ndi ya amfumu, ndipo palibe ndalama yomwe ingakuchotseni pamlandu umenewo.

Zotsala za ntchito zili ndi msika. Nkhuni amagula ophika m'masukulu ndi m'malesitilanti, bulugamu wowongoka amapita kwa omanga, thunthu labwino kwa ocheka matabwa. Miyezi yopanda mafoni, ya Juni ndi Julayi, ndi yoyendera masukulu, mipingo ndi malo ogona alendo kukapangana zosamalira mitengo yawo mvula isanafike. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo kasitomala amene mwamugwetsera mtengo savuta kumugulitsa mbande ya wina woyenera malowo, wobzalidwa kutali ndi maziko a nyumba.

Ntchito imodzi yokha musaivomere ngakhale ndalama ikhale yotani: mtengo umene nthambi zake zakhudza kapena zayandikira mawaya a magetsi. Mawaya a 11kV ndi 33kV amadutsa m'makwalala ambiri, ndipo magetsi ake amatha kulumpha munthu asanawakhudze. Nthambi yaiwisi nayo imawatenga. Uzani mwininyumba aimbire a ESCOM, ndipo munthu wanu asakwere mpaka iwo atabwera n'kutsimikiza kuti azimitsa.