Flames ya Kinnah, ya Mponda kapena ya Gaba: yakutha mpira ndi iti?

Mkanganowu sukalamba. Pa Dyeratu, ku Nchalo, ku Ngabu mpaka ku Bangula, paliponse pamene anthu asonkhana kudikira mpira wa timu ya dziko lino, amagawikana patatu. Achikulire amati mpira unatha ndi Kinnah Phiri, Jack Chamangwana ndi Young Chimodzi. Apakatikati amakumbutsa za Flames ya Peter Mponda imene inathambitsa Algeria mu 2010. Achinyamata, amene anaonera m'mavidiyo sho chigoli cha Gabadinho Mhango chomwetsa Morocco, amati enawo akungokamba nthano, chifukwa timu imene inadutsa ndime ya m'magulu pa chikho cha Africa ndi imodzi yokha, ya 2022. Aliyense ali ndi umboni weniweni, koma akuyeza zinthu zosiyana. Timu ya dziko iyenera kuyezedwa ndi adani amene inakumana nawo m'nthawi yake, komanso ndi zaka zimene inakhala ikuopedwa. Tikayeza motero, mbadwo wa 1978 mpaka 1988 ndi umene uli patsogolo, ngakhale kuti zifukwa zimene achikulire amapereka si zonse zogwira mtima.

Tiyambe ndi achinyamata, poti mfundo yawo ndiyo imaoneka yosatsutsika. Ku Cameroon mu Januwale 2022, Flames inagonja 1-0 ndi Guinea, inagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Mhango, kenaka inafanana mphamvu 0-0 ndi Senegal ku Bafoussam, pamene woyimbira anapereka penate kwa Malawi n'kuibweza ataonanso pa kanema wa VAR. Senegal yomweyo ndi imene inatenga chikho. Pa ndime yotsatira ku Yaoundé, Mhango anaponya mpira kuchokera kutali kwambiri n'kugoletsa masewero atangoyamba, koma Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi anatembenuza zinthu, mpira n'kutha 2-1. Chaka chisanathe, Morocco inafika mu semifainolo ya chikho cha dziko lonse ku Qatar. Palibe amene angapeputse zimenezi. Koma tikumbukire kuti mpikisanowo unali wa matimu 24, ndipo Malawi inathera pa nambala yachitatu m'gulu lake ndi mapointi anayi. Inapitirira chifukwa malamulo atsopano, amene anayamba mu 2019, amalola matimu anayi mwa asanu ndi limodzi othera pachitatu kupita patsogolo. Tunisia ndi Comoros anadutsa ndi mapointi atatu okha. Malamulo a 1984 kapena a 2010 akanakhalapo, nambala yachitatu ikanatanthauza kulongedza zikwama.

Tsono tayang'anani khomo limene timu ya 1984 inalowera. Chikho cha Africa cha chaka chimenecho ku Côte d'Ivoire chinali cha matimu asanu ndi atatu basi, awiri mwa iwo olowa mwaulere ngati eni malo ndi osunga chikho. Gulu la Malawi ku Bouaké linali ndi Ghana, imene inatenga chikho mu 1982, Algeria, imene inagonjetsa West Germany pa chikho cha dziko lonse chaka chomwecho cha 1982, ndi Nigeria. Malawi inagonja 3-0 ndi Algeria, inafanana mphamvu 2-2 ndi Nigeria pa zigoli za Harry Waya ndi Clifton Msiya, n'kugonja 1-0 ndi Ghana. Pointi imodzi, inde, koma Nigeria inafika mu fainolo ndipo Algeria inathera pachitatu. Kungopezeka ku Bouaké kunali kukhala pakati pa matimu asanu ndi atatu a Africa yense, malo amene lero timawatcha kota fainolo, ndipo Flames ya 2022 siinawafike. Munthu wowoloka Shire mu Okutobala ndi wowoloka mu Febuluwale onse anena kuti awoloka, koma madzi amene alimbana nawo si amodzi.

Timu ya 2010 ndiyo imavuta kuiweruza, ndipo mwina ndiyo imalandira ulemu wochepa kuposa umene iyenera. Kinnah Phiri, apa ali mphunzitsi, anaitenga Flames ili pansi penipeni. Mu Juni 2008 pa bwalo la Kamuzu, Chiukepo Msowoya anamwetsa Egypt chigoli chakumapeto, Malawi n'kupambana 1-0, pomwe Egypt inali itangotenga chikho cha Africa kachiwiri motsatizana ndipo inadzachitenganso mu 2010. Panjira yomweyo anyamatawa anagonjetsa DR Congo ndi Guinea, ndipo anafanana mphamvu 1-1 ndi Côte d'Ivoire ya Didier Drogba. Ku Luanda pa 11 Januwale 2010, Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anagoletsa, Algeria n'kugwa 3 kwa duu, timu imene inali itadzigulira kale malo ku chikho cha dziko lonse cha ku South Africa. Tikamafunsa za tsiku limodzi limene Malawi inasewera mpira wapamwamba pamaso pa Africa yense, tsiku lake ndi limeneli. Chovuta n'chakuti moto unazima msanga. Angola inatigonjetsa 2-0, Mali 3-1, ndipo tinathera pansi pa gulu. Chaka chotsatira malo a ku mpikisano wa 2012 anapulumuka m'manja pa masewero otsiriza ku Chad, amene anatha 2-2, ndipo panapita zaka 12 Flames isanabwererenso ku chikho cha Africa. Nayonso ya 2022 siinabwerere ku mipikisano iwiri yotsatira.

Mbadwo wakale umapambana apa: unakhalitsa, ndipo unabweretsa zikho. Mu 1978, pansi pa mphunzitsi Ted Powell, Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa Senior Challenge Cup itagonjetsa Zambia 3-2 kuno kumudzi. Mu 1979 inachiteteza ku Kenya, kugonjetsa eni bwalo 3-2. Mu 1984 inapita ku Côte d'Ivoire. Mu 1987 inabwera ndi mendulo ya nambala yachitatu kuchokera ku All-Africa Games ku Nairobi itakuntha Cameroon 3-1, ndipo mu 1988 inatenganso chikho cha chigawo pogonjetsa Zambia 3-1. Zaka khumi zathunthu, osewera akusinthana koma timu osatsika. Kinnah yekha anagoletsa zigoli 71 m'masewero 117 a dziko, ndipo Chimodzi anavala yunifomu ya Flames ka 159. Mpaka lero palibe wawapitirira.

Otsutsa amati chikho cha chigawo ndi chaching'ono, ndipo mpira wa nthawi imeneyo unalibe South Africa, imene inali yoletsedwa chifukwa cha tsankho mpaka 1992. Za South Africa n'zoona. Za kuchepa kwa chigawo, mabuku akukana. Zambia inafika mu fainolo ya chikho cha Africa mu 1974 ndipo inathera pachitatu mu 1982. Uganda, imene inatenga chikho cha chigawo mu 1976 ndi 1977, inafika mu fainolo ya Africa mu 1978. Mu Sepitembala 1988 Zambia ya Kalusha Bwalya inaswa Italy 4-0 pa Olympics ya ku South Korea. Cameroon inatenga chikho cha Africa mu 1984 ndi 1988. Wina anganene kuti ku mipikisano yachigawo mayiko satumiza akatswiri awo onse osewera kunja, ndipo mfundoyo ndi yomveka. Komatu chimodzimodzi zimachitika ku chikho cha COSAFA, kumene South Africa kawirikawiri imabwera ndi timu yachiwiri, ndipo chiyambire mpikisanowo mu 1997 Flames siinachitengepo. Inafika mu fainolo kawiri, mu 2002 ndi 2003, n'kugonja ndi South Africa kenaka Zimbabwe. Ngati chikho cha anansi n'chophweka chotere, bwanji mibadwo yotsatira yalephera kuchinyamula?

Chitsutso china n'champhamvu kuposa apa, ndipo achikulire ayenera kuchimvera modekha. Ambiri mwa amene amalumbirira Kinnah ku Chikwawa ndi ku Nsanje sanamuonepo akusewera. Wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999, ndipo m'mbuyo monsemo mpira unkatsika phiri la Thabwa kudzera pa wailesi ya MBC. Woulutsa mawu waluso amakongoletsa mpira, ndipo khutu silisunga mapasi otayika. Mhango timamuona akamaphonya, mobwerezabwereza, pa foni. Ndiye kuyerekeza luso la munthu ndi munthu sikungayende mwachilungamo, ndipo n'chifukwa chake mlanduwu uyenera kuimira pa zotsatira zolembedwa, osati pa zokumbukira. Palinso bala limene okonda zakale amalibisa: timu ya Kinnah yeniyeniyo, ya 1978 ndi 1979, siinafikepo ku chikho cha Africa. Pofika 1984 iye anali atachoka kale kupita ku Swaziland.

Nanga akanati akumane lero pabwalo limodzi? Mwina anyamata a 2022 akanapambana. Amathamanga kwambiri, amaphunzira adani pa kanema, ndipo amasewera m'malamulo ena. Mwachitsanzo, kufikira 1992 goloboyi ankaloledwa kugwira ndi manja mpira womubwezera mnzake, zimene zinkapatsa timu mpata wopuma ndi wodya nthawi. Koma funso limeneli silithandiza, chifukwa adani nawonso asintha, ndipo asintha mofulumira kuposa ife. Senegal ndi Morocco za lero zadzaza osewera a m'maligi a ku Ulaya, pamene ambiri a Flames amachokera mu ligi ya kuno ndi ya mayiko oyandikana nafe. Kusiyana kwa ife ndi akuluakulu a Africa kwakula. Pamene bungwe la FIFA linatulutsa koyamba mndandanda wa matimu mu Disembala 1992, Malawi inali pa nambala 53, kudyerera mphamvu za mbadwo umene unkatha, ndipo siinafikeponso pamenepo.

Chifukwa chake anthu a ku Nchalo akuchidziwa bwino kuposa ambiri. Mpira wa zaka zimenezo unkaima pa makampani ndi mabungwe a boma. Bata inali ndi Bullets, ADMARC inali ndi Tigers, Reserve Bank ndi Silver Strikers, MDC ndi timu yake, ndipo kuchigwa kuno kampani ya shuga inali ndi Sucoma, imene inkalandira matimu akuluakulu pa bwalo la Kalulu. Wosewera ankakhala ndi ntchito ndi malipiro, osewera a timu ya dziko ankadziwana chaka ndi chaka, ndipo boma la Kamuzu silinkalola akatswiri kutuluka chisawawa. Mbali imeneyi inali ndi nkhanza zake. Ernest Mtawali anachita kuzemba kuti akasewere ku Bloemfontein Celtic, ndipo Flames inamusowa m'zaka zimene anali pachimake. Palibe amene angafune kuti zoletsazo zibwerere. Koma makampani atayamba kugulitsidwa ndi kusiya matimu, palibe china cholimba chimene chinalowa m'malo mwake, makamaka m'maboma akutali ndi mizinda. Nchalo United inalowako mu Super League koma siinakhalitse, ndipo mnyamata waluso wa ku Marka kapena ku Chapananga ayenera kukwera phiri kupita ku Blantyre kuti wina amuone.

Choncho Flames ya 2022 isunge mbiri yake yodutsa ndime ya m'magulu, ndipo ya 2010 isunge chipambano chachikulu koposa pa chikho cha Africa. Ulemu wa timu yabwino koposa upite kwa mbadwo wa 1978 mpaka 1988, umene unatenga zikho zitatu za chigawo ndi mendulo ya Africa, n'kulowa mu mpikisano wa matimu asanu ndi atatu. Achinyamata amene akukana chigamulochi ali ndi njira imodzi yochisinthira: timu yawo itenge chikho cha COSAFA, ndipo ipite ku chikho cha Africa kawiri motsatizana, chinthu chimene palibe Flames ya mbadwo uliwonse inachitapo.